Mwaitanidwa ku kamudzi ka ku India? Yambani mwadziwa kuti kumakhala anthu angati

Kwathu kuno ku Mangochi ukangoti ulendo wakunja aliyense amaganiza za ku Joni, koma opita ku India aliponso ndithu, ena sukulu, ena kuperekeza odwala kuchipatala, ena maphunziro a chipembedzo. Mukakhala mu Delhi kapena Mumbai palibe chovuta, chilichonse chili pa foni. Nkhani imadzavuta tsiku lomwe mnzanu wa m'kalasi wakuuzani kuti tiyeni kwathu kumudzi kuli ukwati wa mlongo wanga, iye watsogola kale, inu mubwera pambuyo nokha, m'manja muli ndi dzina la mudzi basi. Langizo langa ndi loti musanafunse za mtengo wa tikiti, musanatsegule n'komwe Google Maps, fufuzani kuti m'mudzimo mumakhala anthu angati, chifukwa ku India nambala imeneyo imakuuzani zambiri za msewu omwe mukayendemo kumapeto kwa ulendo.

Poyamba penipeni, dzina la mudzi palokha silithandiza. Pa kalembera wa 2011 dzikolo linali ndi anthu 1.21 biliyoni, ndipo oposa 833 miliyoni anali a kumudzi, m'midzi pafupifupi 640,000. Midzi yochuluka chonchi maina angakwane bwanji? Ndiye amabwerezabwereza, dzina ngati Rampur lili mbwee m'madera ambiri a kumpoto. Ngakhale madistilikiti enieni amafanana maina, Bilaspur ilipo ku Chhattisgarh iliponso ku Himachal Pradesh, Hamirpur ilipo ku Uttar Pradesh ndi ku Himachal Pradesh komweko, Pratapgarh ilipo ku Uttar Pradesh ndi ku Rajasthan. Mukalakwitsa pamenepa simukusochera ndi makilomita 20 ayi, mukhoza kugona mu sitima usiku onse kulowera kolakwika.

Ndiye mnzanuyo akutumizireni pa WhatsApp zinthu izi zonse pamodzi: steti (chigawo chachikulu chokhala ndi boma lakelake), distilikiti, kadera kapakati pa distilikiti ndi mudzi komwe ena amati tehsil, ena taluka, a ku Andhra Pradesh ndi Telangana amati mandal, kenako gram panchayat yomwe ndi khonsolo ya mudzi yochita kusankhidwa, ndiye PIN code. PIN code ndi nambala ya positi ya manambala 6, anaiyambitsa mu 1972, ndipo imathandiza kwambiri kusiyanitsa midzi yofanana maina, ngakhale kuti PIN imodzi imatha kukhala ya midzi ingapo yomwe imagwiritsa ntchito positi ofesi imodzi. Mufunsenso kuti kodi kwanuko ndi pamudzi penipeni kapena ndi ka mudzi kapambali? Funso limeneli musalidumphe. Mudzi omwe unalembedwa m'mabuku a boma umatha kukhala ndi timidzi tingapo totalikirana, ku Bihar amati tola, ku Rajasthan dhani, ku Maharashtra wadi kapena pada, ndipo basi imatha kufika pakati pa mudzi waukuluwo koma kwa mnzanuyo kukadali mtunda woyenda wapansi kudutsa m'minda.

Mukakhala nazo zimenezi pitani pa intaneti pa censusindia.gov.in mukasake buku lotchedwa District Census Handbook la distilikiti imeneyo. Distilikiti iliyonse ili ndi lake ndipo lili m'magawo awiri, Part A ndi yomwe imanena zomwe zilipo m'mudzi uliwonse monga sukulu, chipatala, msewu, basi, pomwe Part B ndi ya chiwerengero cha anthu. Ndi ma PDF akuluakulu olemera, musatsegule ndi ka bandulo ka tsiku limodzi mudzalira, pezani pomwe pali WiFi kapena gulani bandulo yonenepa. Pali masamba ena ambirimbiri pa intaneti omwe anangokopera manambala omwewa n'kuwaika mooneka bwino, amathandiza mukakhala pa changu, koma mbali ya mayendedwe ambiri amangolemba mwachidule kuti basi ilipo, siteshoni ili kutali makilomita oposa 10, basi zatha. Buku lenilenilo limanena zambiri kuposa pamenepo.

Mu Part B mudzapeza mzere umodzi wa mudzi wanuwo, nambala ya mabanja, anthu onse, amuna, akazi, ana osapitirira zaka 6, odziwa kulemba ndi kuwerenga, olima minda yawo ndi aganyu a m'minda. Muonanso ma column olembedwa SC ndi ST, amenewo ndi magulu a anthu omwe malamulo a dziko amawateteza chifukwa cha tsankho lakalekale, werengani mudziwe koma mukafika kumeneko si nkhani yoyambitsa pa chakudya kuti inu ndinu a gulu liti. Chenjeraninso ndi kalembedwe ka manambala, iwo amawerenga ndi lakh ndi crore, lakh imodzi ndi 100,000 koma amailemba 1,00,000, crore ndi 10 miliyoni. Pa kamudzi ka anthu 200 sizikukhudzani, koma mukamaona za distilikiti yonse makoma aja amasokoneza maso. Mukapeza mudzi walembedwa Uninhabited ndiye kuti pa nthawi ya kalemberayo munalibe munthu, midzi yotere inalipo yoposa 40,000, dzina lilipo, malire alipo, koma ndi minda kapena nkhalango chabe. Wina akakupatsani adiresi ya mudzi wotere kuti kuli ntchito kapena sukulu, khalani kaye pansi mufunse bwinobwino.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. Pa 25 December 2000 boma la India, nthawi ya Atal Bihari Vajpayee, linakhazikitsa pulogalamu ya misewu ya kumudzi yotchedwa Pradhan Mantri Gram Sadak Yojana, mwachidule PMGSY. Cholinga chinali choti malo okhala anthu alumikizidwe ndi msewu oyendeka chaka chonse, mvula kaya dzuwa. Koma anaika mlingo, kuchigwa malo akhale ndi anthu 500 kapena kuposa, kumapiri, kuchipululu ndi madera a mitundu ya ST akhale ndi anthu 250 kapena kuposa. Mwaona pomwe pagona nkhani? Mudzi wa anthu 900 kuchigwa mwayi ndi waukulu kuti tala anafika, mwina wopapatiza wokwana galimoto imodzi koma tala ndithu. Kamudzi ka anthu 140 kanali kunja kwa mlingowo, kakhoza kukhala ndi msewu wabwino ngati kali m'mbali mwa msewu opita ku mudzi waukulu, kapena ngati boma la steti kapena panchayat inapeza ndalama zina, koma pulogalamu yaikuluyo sinkakawerengera pakokha. Mu 2024 boma linavomereza gawo lina la pulogalamu yomweyi kuti lifikire malo 25,000 omwe anali asanalumikizidwebe, ndiye mukhoza kuona nokha kuti patapita zaka zoposa 20 ntchito inali isanathe.

Ndipo si msewu okha. Mwini basi, kaya ndi ya boma kaya ya munthu, amatsata pomwe pali okwera. Tinene kuti mudzi uli ndi mabanja 35, anthu 170, ana achotsenipo, okalamba achotsenipo, otsala ambiri ali kumunda tsiku lonse, ndani akwere basi Lachiwiri masana? Ndiye ngati basi imafikako n'komwe imakhala ya m'mawa yotenga ana asukulu ndi opita ku tauni, n'kudzabwereranso madzulo kamodzi. Amene anayendapo msewu wa ku Makanjila nthawi ya dzinja akudziwa kale zomwe ndikunena, pa mapu msewu umaoneka ulipo bwinobwino, koma funso lenileni ndi loti lero kukupita galimoto kapena ayi, ndipo ikapita ibwerako liti.

Ndiye mukaona chiwerengero chili pansi pa 250, konzekerani kuti makilomita omaliza mukadalira munthu okudziwani osati thiransipoti ya aliyense. Chikakhala pakati pa 250 ndi 500 funsani ngati ndi kumapiri kapena kuchigwa. Chikapitirira 1,000 mtima ukhale m'malo pang'ono, komabe funsani.

Bwererani ku Part A ija. Pa mzere wa mudzi wanu muona malo a bus service, railway station, auto, taxi, mathirakitala, ngolo zokokedwa ndi ziweto, mpaka bwato lowolotsa anthu. Chinthu chikakhalapo m'mudzimo amalemba Yes, chikapanda kukhalapo amaika ka chilembo kosonyeza kutalika kwa pomwe chili, a ndiye kuti sipakwana makilomita 5, b ndi pakati pa 5 ndi 10, c ndi kuposa 10. Ka c kameneka ndi kachinyengo, chifukwa makilomita 11 ndi c, makilomita 70 ndi c yemweyo. Mukaona c pa siteshoni ya sitima musaganize kuti ndi pafupi, pitani pa mapu mukayeze nokha. Pa misewu muona mawu awiri, pucca ndi msewu olimba wa tala kapena konkire, kutcha ndi wafumbi omwe mvula ikagwa umasanduka matope. Onaninso dzina la tauni yapafupi ndi kutalika kwake, limenelo ndi lomwe mudzatchule pogula tikiti ya basi chifukwa ogulitsa matikiti mumzinda kamudzi kanuko sakadziwa. Pali malo enanso olembedwa weekly haat, umenewo ndi msika wa pa sabata. Mukadziwa tsiku la msika wapafupi mwapeza tsiku loyendera, magalimoto amachuluka, ndipo anthu a m'mudzi omwe mukupitawo mumawapeza pamsika pomwepo n'kubwerera nawo limodzi.

Koma manambala onsewa ndi a 2011, kumbukirani. Kalembera wa 2021 analephereka chifukwa cha Covid, boma linadzalengeza kuti achitika mu 2027. Ndiye mwana amene analembedwa pa gulu la osapitirira zaka 6 pano ndi mnyamata wandevu, mwina ali ku Surat kapena ku Dubai pa ntchito. Midzi ina yakula, ina makamaka ya kumapiri ngati ku Uttarakhand anthu anasamukira m'tauni mwatsala agogo. Msewu omwe unalembedwa kutcha mwina pano ndi tala. Maina ndi malire nazonso zinasintha, Telangana inapatuka ku Andhra Pradesh mu 2014 ndiye midzi yake mu kalembera muipeza pansi pa Andhra Pradesh, Andhra Pradesh yotsalayo inachoka pa madistilikiti 13 kufika 26 mu 2022, Allahabad inasanduka Prayagraj mu 2018. Mukasaka dzina latsopano m'buku lakale simulipeza, funsani mnzanuyo kuti mu 2011 kwanuko kunali pansi pa distilikiti iti. Bukulo litengeni ngati poyambira, kenako tsegulani Google Maps pa satellite muone ngati ka mzere kopita kumudziko ndi kakuda kapena kofiirira, muwerenge madenga, muone ngati pali mtsinje pakati ndipo ngati pali mlatho.

Za ndege sindichedwapo, ambiri amanyamukira pa KIA ku Lilongwe kapena pa Chileka, kudzera ku Addis Ababa kapena Nairobi, kukatera ku Mumbai kapena Delhi. Wotchi yawo ili patsogolo ndi maola atatu ndi theka, ndiye mukamaimbira kunyumba ku Namwera kapena ku Malindi kuti ndafika muziwerengera zimenezo.

Sitima ya pamtunda ndiye msana wa ulendo. Matikiti amagulidwa pa IRCTC, tsamba la pa intaneti logulitsa matikiti a sitima, kapena pa windo la pa siteshoni, ndipo kuyambira November 2024 amayamba kugulitsa kutatsala masiku 60. Nyengo ya maukwati ndi zikondwerero ngati Diwali, Holi, Eid kapena Chhath ku Bihar malo amatha msanga kwambiri, mukazengereza mupeza tikiti yolembedwa WL, kutanthauza kuti muli pa mndandanda odikira, malo mulibe. RAC ndiye bolako, mukwera koma bedi mugawana ndi munthu wina. Pa makalasi a mabogi, Sleeper ndi yotchipa, mawindo otsegula, fumbi ndi kutentha zonse zanu, 3A ili ndi AC ndi zofunda. Ulendo wa usiku ndi katundu ine ndingakulangizeni 3A, ndalama yoonjezerayo simudzaidandaula. Pasipoti ikhale pafupi chifukwa oyang'ana matikiti amafuna chiphaso. App ya Where is my Train imathandiza kudziwa pomwe mwafika, ndipo 139 ndi nambala yofunsira za sitima.

Apa pali misampha iwiri. Oyamba, siteshoni yomwe ili pafupi kwambiri ndi mudzi nthawi zambiri imakhala kakang'ono komwe sitima za express zimangodutsa osaima, zimaima ndi za passenger kapena MEMU zokha, zomwe zimaima pafupifupi pa siteshoni iliyonse, ndiye mumatsika pa junction yaikulu n'kudikira ina, kapena kungosiya za sitima n'kukwera basi pomwepo, zomwe kawirikawiri zimachita changu. Wachiwiri, siteshoni ikakhala ndi Road kumapeto kwa dzina ndiye kuti tauni yeniyeniyo ili kutali, Abu Road ili makilomita oposa 25 kuchokera ku Mount Abu, Kodaikanal Road ndiye pafupifupi 80 kuchokera ku Kodaikanal. Musatsike n'kumayang'ana uku ndi uku kuti tauni ija ili kuti.

Mukatsika sitima funsani bus stand. Steti iliyonse ili ndi kampani yake ya basi ya boma, UPSRTC ku Uttar Pradesh, GSRTC ku Gujarat, MSRTC ku Maharashtra komwe anthu amangoti ST, zofiira zija. Vuto ndi loti basi za kumudzi chikwangwani cha kutsogolo chimalembedwa m'zilembo zawo, Hindi, Gujarati, Tamil, Telugu, malinga ndi dera, ndipo nthawi zina ngakhale manambala ndi a zilembo zawo. Chizungu chomwe chinakuthandizani ku yunivesite pano chimayamba kuchepa mphamvu. Ndiye mnzanu uja akulembereni dzina la mudzi, dzina la pomwe mutsikire ndi dzina la bambo ake m'chilankhulo chawo, mujambule screenshot komanso mulembetse pa pepala kuopa foni kuthima. Pepala limenelo muonetseni kondakitala pokwera, mukhale mpando wapafupi naye, iye ndi amene adzakukodoleni kuti tsikani apa. Akutumizireninso voice note akutchula dzina la mudziwo, mumvetsere kangapo, chifukwa momwe limalembedwera m'Chizungu ndi momwe eni ake amalitchulira nthawi zina ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Basi ikakusiyani pa mphambano, poti ndi pomwe nthawi zambiri imathera nkhani ya kamudzi kakang'ono, muyang'ane zija za matayala atatu zomwe kuno ena amati bajaji, iwo amangoti auto, zokulirapo amati tempo, palinso za batire ndi ma jeep akale. Zimenezi zimanyamuka zikadzadza, ndipo kudzadza kwake ndi kwenikweni, ena atapachikika m'mbali. Pokwera nenani kuti sharing, mukapanda kutero dalaivala akaona mlendo ndi chikwama amaganiza kuti mwaihaya yonse, mtengo wake ndi wina. Yang'anani zomwe anzanu akulipira mulipire zomwezo. Chodabwitsa n'choti njinga zambiri za Boxer zomwe akabaza amayendetsa kuno ndi za kampani ya Bajaj ya ku Pune komweko, koma kumidzi yambiri ya ku India simupeza anyamata a kabaza atandandalika pa mphambano kudikira makasitomala, njinga yamoto pafupifupi iliyonse ndi ya pakhomo, yonyamula banja. Ndiye amene adzakutengeni pa njinga ndi mchimwene wake wa mnzanuyo kapena msuweni, mugwirizane nthawi ndi malo dzulo lake, ndipo mukhale ndi manambala a anthu awiri osati mmodzi.

Nyengo nayo muiwerengere. Mvula yawo yaikulu imagwa June mpaka September, nthawi yomwe kuno kuli chisanu ndi mwera panyanja, ndiye ndi zosavuta kuiwala. Miyezi imeneyo kumpoto kwa Bihar ndi ku Assam mitsinje ngati Kosi ndi Brahmaputra imasefukira midzi ina n'kumafikika pa bwato pokha, kumapiri a Himalaya nthaka imagumuka n'kutseka misewu. Ku Tamil Nadu mvula yambiri imabwera October mpaka December. December ndi January kumpoto kumachita chifunga choti sitima zimachedwa maola ambirimbiri, ndiye musapange pulani yoti sitima ifika 2 koloko basi yomaliza inyamuka 3 koloko. April mpaka June ndi kutentha, madera ena kumafika madigiri 45, ife a kunyanja timadzitama kuti kutentha tinakuzolowera koma kumeneko nyamulani madzi a m'botolo ndithu ndipo makilomita oyenda wapansi muwayende m'mamawa.

Ndalama nyamulani kashi, ma 10, 20, 50 ndi 100 rupee ambiri, chifukwa wa auto mukamupatsa 500 adzakuuzani kuti alibe chenji. Eni dziko amalipira ndi foni kudzera pa UPI ngakhale pogula tiyi, koma zimenezo nthawi zambiri zimafuna akaunti ya kubanki ya komweko, ndipo ATM ili ku tauni, tapani musanakwere basi yomaliza. SIM mugule mumzinda ndi pasipoti ndi visa yanu, ndipo mufunse kuti kumudziko imagwira bwino ndi iti pakati pa Jio, Airtel ndi BSNL. Airtel yanu ya kuno musaidalire, ikagwira ndi roaming ndipo mayunitsi amatha ngati mwawataya. Mapu a dera lonselo muwapange download mukadali pa netiweki yabwino. Nambala ya ngozi ndi 112.

Mbali ya malamulo musaitenge mwachibwana. Hotela kapena malo ena ogona alendo akasunga mlendo wakunja amayenera kulemba fomu yodziwitsa boma, yomwe ambiri amaidziwa kuti Form C, pasanathe maola 24, ndipo banja la kumudzi lomwe silinalandirepo mlendo wakunja mwina silinamvepo za fomu imeneyi, ndiye muuzeni mnzanuyo afufuze ngati nawonso akuyenera kuilemba. M'kamudzi ka anthu 200 munthu wochokera ku Malawi sabisika, pofika madzulo aliyense wadziwa, ndiye ndi bwino eni nyumba akakuonetseni kwa sarpanch, mkulu wa panchayat, tsiku lomwelo. Madera ena a m'malire, monga Arunachal Pradesh yonse, mlendo wakunja salowa popanda chilolezo chapadera chotchedwa Protected Area Permit, visa yokha siikwana. Ngati ndinu wa sukulu uzaninso ofesi yoona za ophunzira akunja kuti mwapita kuti ndipo mubwera liti.

Chotsala ndi ulendo obwerera, umene anthu ambiri saufunsa chifukwa mtima uli pa zokafika. Mukangotsika pa mphambano paja, musanakwere njinga ya msuweni uja, funsani wa ka shopu ka tiyi kuti basi yopita ku tauni imadutsa nthawi zanji ndipo yomaliza ndi ya nthawi yanji, mulembe. Tikiti ya sitima yobwerera mugule limodzi ndi yopita, ndipo ngati ndege yanu kapena mayeso anu ali Lolemba, kumudziko tulukaniko Lachisanu kapena Loweruka m'mawa, mukagone ku tauni ya pa siteshoni. Eni nyumba adzakukakamizani kuti gonaninso tsiku limodzi, idyani kaye, galimoto ipezeka, ndiye auzeni tsiku lonyamuka pofika pomwe ndi kuwaonetsa tikitiyo kuti aone okha deti lake.